Kwawo kwa Bambo Wake Tafunsa, Nanga Kochokera Ndalama Zake?



Inu a kuno ku Katete, ku Sinda ndi ku Vubwi mwandipatsa nkhani ziwiri zimene zimabuka masankho akayandikira: mkangano wa amene ali woyenera kuimira upulezidenti, ndi mkangano wa ndalama zochitira kampeni. Maganizo anga ndiwanene poyamba pomwe. Kuyambira 1996 dziko lino lathera nthawi yaitali likufufuza kumene makolo a munthu anabadwira, funso limene limapweteka ife a m'malire kuposa wina aliyense. Koma funso la amene amalipira malole, zitenje, zikwangwani ndi mafuta a pa kampeni talilekerera, pamene ndilo limadzatilowa m'thumba mavoti akawerengedwa.

Achikulire muli pano mukukumbukira za pa 31 Okutobala 1991. Chipani cha MMD chinatenga mipando 125 mwa mipando 150 ya m'nyumba ya malamulo, UNIP ya a Kenneth Kaunda n'kutsala ndi 25. Mwa 25 imeneyo, 19 inali ya kuno kum'mawa. Chigawo chonse chinatsala ndi a Kenneth Kaunda. A Kaunda atabwereranso m'ndale, boma la a Frederick Chiluba linasintha malamulo oyendetsera dziko mu Meyi 1996, kuti wofuna upulezidenti akhale munthu amene makolo ake onse awiri ndi a Zambia mwa kubadwa kapena mwa makolo. Palibe amene sanadziwe kuti muvi ukulinga yani. A Kaunda anabadwira ku Lubwa, ku Chinsali, mu 1924, koma bambo awo a David Kaunda anali mphunzitsi wa mishoni wochokera ku Nyasaland. Kusintha komweko kunaletsanso mafumu kuimira pa masankho pokhapokha atatula ufumu, ndipo wachiwiri wa a Kaunda m'chipani anali mfumu, Inyambo Yeta wa ku chigawo cha kumadzulo. UNIP inanyanyala masankho a pa 18 Novembala 1996, ndipo anthu a kuno amene anali ndi munthu wawo pamtima anasowa pomuchongera.

Lamulolo silinachedwe kutembenukira eni ake. Masankho atangotha, a Akashambatwa Mbikusita-Lewanika, a Dean Mung'omba ndi anzawo anapita ku khoti la Supreme kukanena kuti a Chiluba nawonso bambo awo sanali a dziko lino. Mlandu unatha mu 1998 a Chiluba atapambana, koma oweruza anachenjeza kuti lamulo la makololi lili ndi mavuto ovuta kuwamasula. Chachikulu n'chakuti Zambia anabadwa pa 24 Okutobala 1964. Munthu aliyense amene anali ndi zaka 35 mu 1996, makolo ake anabadwa dzikoli kulibe, ndipo ambiri anakula pa nthawi ya Federation, pamene munthu ankanyamuka ku Mchinji kukagwira ntchito ku Wankie kapena ku Kitwe popanda womufunsa pasipoti. Ngakhale zinali choncho, mu 1999 khoti lalikulu la ku Ndola linagamula kuti a Kaunda, amene analamulira dziko lino zaka 27, si nzika ya Zambia. Nkhaniyo inadzatha chaka chotsatira, koma manyazi ake sanathe.

Ena sanachite mwayi wotero. Mu 1994 boma linagwira a William Banda a ku Lundazi ndi a John Chinula, onse a UNIP, n'kukawasiya ku Malawi ponena kuti kwawo ndi kumeneko. A Chinula anamwalira asanabwerere. Bungwe la African Commission on Human and Peoples' Rights linapeza mu 1999 kuti Zambia inalakwira anthu awiriwa, ndipo mu 2001 linanenanso kuti lamulo la makolo la 1996 linali la tsankho.

Taonani mmene chida chimenechi chayendera m'manja. Mu 2011 a chipani cha PF anatengera a Rupiah Banda ku khoti ponena kuti bambo awo anali a ku Malawi. A Banda anabadwira ku Gwanda, ku Southern Rhodesia, mu 1937, kumene makolo awo anapita kukafuna ntchito monga anachitira agogo a ambiri a ife. Khoti linataya mlanduwo. Patangopita zaka zitatu, a Michael Sata atamwalira ku London pa 28 Okutobala 2014, wachiwiri wawo a Guy Scott anagwirizira mpando koma sakanatha kuimira, chifukwa cha lamulo lomwelo limene chipani chawo chinaligwiritsa ntchito pa mnzawo. A Edgar Lungu, obadwira ku Ndola koma kwawo ku Petauke, nawonso anawafalitsira mphekesera zoti ndi a ku Malawi amene anatenga dzina la munthu wina. Kaunda, Banda, Lungu: atatu onse anatchedwa Amalawi pamene adani awo anasowa chonena china. Si kuno kokha ayi. Ku America anthu analimbikira kunena kuti a Barack Obama anabadwira kunja, mpaka mu 2011 anatulutsa chikalata chonse chosonyeza kuti anabadwira ku Hawaii. Ku Côte d'Ivoire anatsekereza a Alassane Ouattara pa chifukwa cha makolo, ndipo mu 2002 dzikolo linalowa m'nkhondo yapachiweniweni.

Pano ndikufuna ndikhalepo pang'ono, chifukwa amene amalankhula zimenezi ku Lusaka sadziwa mmene zimamvekera kwa ife. Munthu wa ku Vubwi amadzuka ndi Malawi mbali iyi, Mozambique mbali inayo. Alipo amene nyumba ili ku Zambia, dimba kutsidya, manda a agogo ku dziko lachitatu. Malire amenewa anajambulidwa ndi Angerezi ndi Apwitikizi cha m'ma 1891, ndipo anadutsa pakati pa mbumba za anthu amodzi. Likulu la Undi linali ku Mano, ku Mozambique wa lero, lisanabwere kuno. Chaka chilichonse kumapeto kwa Ogasiti mafumu a Achewa a m'mayiko atatu amabwera ku Mkaika kudzalamba kwa Kalonga Gawa Undi, ndipo mu 2007 a Levy Mwanawasa, a Bingu wa Mutharika ndi a Armando Guebuza anakhala pamodzi pabwalo lomwelo. Tsiku limenelo andale onse amayamikira umodzi wa Achewa. Miyezi ya kampeni ikafika, umodzi womwewo umasanduka mlandu.

Komanso kwa ife Achewa mwana ndi wa kuchimake. Mudzi, munda ndi ufumu zimatsata mayi ndi atsibweni. Bambo amabwera ngati mkamwini, nthawi zina kuchokera kutali. Ndi angati m'chipinda chino amene angatulutse pepala losonyeza kumene bambo awo anabadwira? Ambiri a ife tinabadwira m'nyumba, m'manja mwa azamba, ndipo reji, chiphaso cha unzika, tinatenga titakwanitsa zaka 16 nyakwawa itatichitira umboni. Munthu akayamba kukayikira unzika wa mtsogoleri chifukwa dzina lake ndi Phiri, Banda kapena Mwale, dziwani kuti mawa adzakayikira reji ya mwana wanu pamzera wolembetsa mavoti. N'chifukwa chake ndimapempha kuti ife a kuno tisamaombere m'manja nkhani imeneyi ngakhale itagwera munthu wa chipani chimene sitichikonda. Ndipo mawu aja akuti wako ndi wako, amene amamveka kwambiri kuno pa nthawi ya masankho, ndi mbale wake wa matenda omwewa: nawonso amayesa munthu ndi kobadwira.

Lamulo la makolo linachotsedwa pa 5 Januwale 2016, pamene a Lungu anasayina malamulo osinthidwa ku bwalo la Heroes ku Lusaka. Tsopano gawo 100 limafuna kuti woimira akhale nzika mwa kubadwa kapena mwa makolo, wa zaka 35 kapena kuposa, wolembetsa m'kaundula wa ovota, wa setifiketi ya Giredi 12, wolipira misonkho, wolengeza chuma ndi ngongole zake, ndiponso wokhala ndi ovota 100 omuvomereza m'chigawo chilichonse. Sindikunena kuti mpando wa pulezidenti ukhale wopanda mpanda. Malire a kulamulira kawiri kokha ndi abwino, ndipo mu 2001 mipingo, maloya ndi mabungwe a amayi, pansi pa Oasis Forum, anachita bwino kuletsa a Chiluba kuimira kachitatu, monganso ku Malawi anakanira a Bakili Muluzi mu 2009. Muyeso wanga ndi wakuti lamulo labwino limalembedwa tisanadziwe amene lidzamugwire. Likalembedwa munthu ali kale pakhomo, limenelo ndi msampha.

Nkhani ya a Lungu ndi yovutirapo, ndipo ndiinena mosakondera. Iwo analumbira mu Januwale 2015 kumaliza nthawi ya a Sata, n'kulumbiranso mu Seputembala 2016. Khoti la ConCourt linagamula mu Disembala 2018, ndiponso mu Juni 2021, kuti nthawi yoyamba ija inali yaifupi ndipo siwerengedwa. Pa 10 Disembala 2024 khoti lomwelo linatembenuka n'kunena kuti a Lungu anasankhidwa kawiri ndipo sangaimenso. Maloya angatsutsane kuti chigamulo cholondola ndi chiti. Ine ndimaona kuti munthu amene walumbira kawiri walamulira kawiri. Koma mlimi wa ku Kapoche amene amamvera wailesi anaona chinthu chimodzi: a Lungu ali pampando khoti linati inde, atachoka linati ayi. A PF amene ankati tilemekeze makhoti mu 2021 anawanyoza mu 2024, ndipo a chipani cha UPND anachita chimodzimodzi mosemphanitsa. A Lungu anamwalira pa 5 Juni 2025, koma chikayiko chimene chinabzalidwa pa makhoti chidzatsata aliyense wobwera pambuyo.

Tsopano ndalama. Mu 2021 mwamuna wofuna upulezidenti ankalipira K95,000 ku bungwe la ECZ kuti dzina lake lilowe papepala, ndipo anthu 16 anaimira. Imeneyo ndi ya pakhomo chabe. Kusonkhanitsa anthu 1,000 m'zigawo khumi, kusindikiza zitenje ndi masikipa, kubwereka malole ndi mahelikopita, kugula nthawi pa wailesi, kudyetsa ndi kulipira oyang'anira mavoti pa malo oponyera masauzande ambiri: zonsezi ndi mamiliyoni. Makhadi a chipani sangalipire zimenezi, ndipo tonse tikudziwa kuti ambiri amene amavala chitenje cha chipani sanaperekepo ngwee imodzi. Choncho ndalama zimachokera kwina: m'thumba la mtsogoleri wolemera, kwa amalonda akuluakulu, kwa abwenzi a kunja, kapena m'thumba la boma.

Inu alimi a thonje mukudziwa mmene ngongole ya mbewu ndi mankhwala imayendera. Kampani imakupatsani mu Novembala mosavuta, koma tsiku la sikelo imayamba yadula zake, inu n'kutenga zotsala. Wamalonda amene wapereka malole khumi pa kampeni sanapereke mphatso. Akudikira tsiku lake la sikelo, ndipo tsikulo ndi pamene boma likupereka makontirakiti a misewu, a fataleza, a mankhwala a m'zipatala ndi ziphaso za migodi. Kusiyana kwake n'kwakuti ngongole ya thonje munasayinira nokha ndipo mumaidziwa kukula kwake, pamene iyi anasayinira wina mseri ndipo obweza ndinu.

Zimenezi si zongoganizira. Mlandu wa akaunti ya Zamtrop ku London unaonetsa mmene ndalama zimasokonekera. Mu 2007 woweruza Peter Smith wa ku London anapeza kuti a Chiluba ndi anzawo anasowetsa ndalama za boma zokwana madola pafupifupi 46 miliyoni. A Chiluba ankanena kuti ndalama zimene ankatapa mu akauntiyo zinali mphatso za abwenzi owafunira zabwino, ndipo mu 2009 khoti la ku Lusaka linawamasula pa mlandu wakuba. Kaya mukhulupirira khoti liti, funso limene linatsala ndi lakuti abwenziwo anali ndani, ndipo anapatsidwa chiyani pobwezera. Mu 2016 nyumba ya malamulo itatsekedwa, nduna zinakhalabe m'maofesi ndi magalimoto a boma nthawi yonse ya kampeni, mpaka ConCourt inagamula mu Ogasiti kuti zinalakwa ndipo zibweze malipiro. Mu 2017 boma linagula magalimoto ozimitsa moto 42 pa mtengo wa madola 42 miliyoni, anthu n'kumanong'ona kuti ndi kubweza ngongole ya kampeni. A PF nawo akhala akunena kuti UPND imadyetsedwa ndi eni migodi a kunja. Palibe mbali imene ingatsimikize, ndiponso palibe imene ingadziyeretse, chifukwa palibe buku limene munthu wamba angatsegule n'kuona amene anapereka.

Ngakhale kulengeza chuma kwabwerera m'mbuyo. Kale nyuzipepala zinkasindikiza zimene oimira alengeza. Ndi mmene tinadziwira kuti a Lungu analengeza K10.9 miliyoni mu 2015 ndi K23.7 miliyoni mu 2016, ndiponso kuti a Hakainde Hichilema analengeza choposa K70 miliyoni. Anthu anafunsa mafunso, ndipo kufunsako kunali koyenera. Mu 2021 mapepalawo anaperekedwa ku ECZ koma sanaonetsedwe kwa anthu. Chuma cholengezedwa m'kabati yokhoma sichinalengezedwe.

Kuno kwathu ndalama za kampeni timaziona kumathero ake. Mu 2008, pa masankho otsatira imfa ya a Mwanawasa, nyuzipepala ya The Post inalemba kuti a Rupiah Banda anagawa shuga ndi ufa kuno ku Katete, ndipo dziko lonse linakangana ngati chinali chifundo kapena kugula mavoti. Masankho a 2011 atatha, makhoti anafafaniza kupambana kwa aphungu a Chipata Central, Petauke Central, Malambo ndi Vubwi, ndipo a ku Vubwi munaponyanso voti mu 2014. Lamulo la masankho la 2016 limaletsa ziphuphu pa kampeni. Tsono taonani pamene lamulo limagwira: limagwira dzanja limene likupereka thumba la ufa pamudzi, koma silifunsa amene anadzaza lole ku Lusaka.

Ambiri amati palibe vuto, tidye zawo koma m'kachipinda kovotera tichite zathu. Ndi nzeru ya Donchi Kubeba ya mu 2011, ndi ya chivwende ya mu 2021, chobiriwira kunja chofiira mkati. Ndikuvomereza kuti kawiri konseko inagwetsa chipani cholamula chimene chinali ndi ndalama zambiri, ndipo sindingadzudzule mayi wamasiye amene walandira K50 ana ali ndi njala. Koma nzeruyi simachepetsa mtengo wa kampeni, imaukweza. Woimira akadziwa kuti ena mwa olandira amunamiza, amagawa mowirikiza, ndipo amabwereka mowirikiza. Wopambana amalowa mu ofesi ndi ngongole yaikulu, ndipo mphunzitsi wopuma ntchito, namwino kapena mayi wa mu kalabu amene akanatiimira bwino sayesa n'komwe. Mu 2021, mwa anthu 16 aja, mkazi anali mmodzi yekha, a Chishala Kateka.

Chodandaulitsa n'chakuti yankho linalembedwa kale. Gawo 60 la malamulo omwe aja a 2016 limati pakhale lamulo lofotokoza za thumba lothandiza zipani zimene zili ndi aphungu, za kochokera ndalama za zipani, za kuwerengera mabuku awo, ndi za malire a ndalama zimene zingagwiritsidwe ntchito pa kampeni. Mu 2017 boma linatulutsa bilu ya zipani, koma sinasanduke lamulo. Masankho a 2016 ndi a 2021 anachitika popanda malire alionse, zipani zikulembetsedwabe pansi pa Societies Act, lamulo la nthawi ya atsamunda limene limalembetsanso makalabu. Chifukwa chake sichovuta kuchiona. Chipani chikakhala kotsutsa chimaopa kuti mayina a othandiza akadziwika boma liwalanda malonda. Chikalowa m'boma othandiza amachuluka, ndipo chimapeza kuti mdima ukuchikomera. Pa nkhani ya makolo zipani zimamenyana, pa nkhani ya ndalama zimagwirizana mwakachetechete.

Anansi athu anayesako. Malawi anakhazikitsa lamulo la zipani mu 2018, loletsa kugawa zinthu kwa ovota ndi lolamula kuti chopereka chachikulu chilengezedwe, koma mkulu woyang'anira zipani anasankhidwa mu 2024, ndipo zaka zonse za pakatipo lamulo linangokhala papepala. Ku South Africa lamulo linayamba kugwira ntchito pa 1 Epulo 2021, ndipo panthawiyo linkalamula kuti chopereka choposa R100,000 chilengezedwe, ndipo bungwe la masankho limasindikiza mayina miyezi itatu iliyonse. Si zipani zonse zimene zimanena zoona, koma atolankhani ali ndi poyambira. Kwa ife phunziro la ku Malawi ndilo lofunika kwambiri: lamulo lopanda ofesi, antchito ndi chilango n'chimodzimodzi kusakhala nalo. Mantha a otsutsa nawonso ndi oona, choncho woyang'anira asakhale munthu amene pulezidenti angamuchotse m'mawa uliwonse, ndipo chopereka chaching'ono cha munthu wamba chisafunike kulembedwa dzina.

Ife tili ndi mbali yathu, ndipo ndiinena ngakhale mafumu ndi abusa muli pano, mundikhululukire. Woimira akabwera timamuyesa ndi bokosi la maliro, malata a tchalitchi, mpira wa achinyamata ndi mbuzi ya kwa mfumu. Mipingo imene inaima nji mu 2001 ikhoza kugwirizana m'maboma athu atatu a Katete, Sinda ndi Vubwi kuti pa miyezi ya kampeni silandira envulopu ya woimira aliyense, ndipo palibe amene angailetse. Mafumu akhoza kulandira oimira onse pabwalo limodzi, poyera, mofanana.

Ndipo nkhaniyi si ya State House yokha. Mu 2022 ndalama za chitukuko cha madera (CDF) zinakwera kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa dera lililonse. Ku Mkaika, ku Milanzi, ku Sinda, ku Kapoche ndi ku Vubwi tsopano kuli makontirakiti a makalasi, milatho, madesiki ndi mijigo amene amaperekedwa pafupi ndi ife. Amene anabwereketsa lole pa kampeni ya phungu kapena ya khansala mumamudziwa ndi maso. Mukakhala m'makomiti a chitukuko a m'mawodi, pemphani kuti dzina la kontirakita aliyense, mtengo wa ntchito ndi tsiku lomaliza zimatidwe pa bolodi la khonsolo ndi kuwerengedwa pa wailesi ya Mphangwe ndi ya Breeze m'chilankhulo chathu. Woimira aliyense akabwera kudzapempha voti, wa upulezidenti kapena wa ukhansala, wina aimirire pamsonkhano amufunse mwaulemu kuti atchule anthu atatu amene amupatsa ndalama zambiri, ndiponso ngati adzavotere lamulo la gawo 60 m'chaka chake choyamba. Mlembi wa mudzi alembe yankho lake ndi tsiku limene wayankhira.